Batani pa Mpukutu wa Waya Wofiira

Lachiwiri, 3 Juni

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi alamu anga pamodzi ndi ana. Ife kuno tadzuka, kungoti mwendo wa amayi uja ukumavuta kukazizira, koma makina awo osokera sanajombepo ngakhale tsiku limodzi. Ndikudziwa kuti mwadabwa kulandira pepala m'malo mwa foni, ndipo momwe ndikukudziwirani, mwathamangira kale kumapeto kuti muone ngati kwagwa zovuta. Bwererani kuno kumayambiriro, palibe wamwalira. Ndalemba chifukwa nkhani ndili nayoyi ndi yaitali, ndipo pafoni inu mumandidula pakamwa ndisanafike pakati. Papepala simungandidule.

Jekete lofiira munawatumizira bambo lija linafika, ndipo salivula. Denga la kuseri tinakonza mvula isanathe. Nkhani zing'onozing'ono ndi zimenezo, tsopano khalani pansi.

Paja munamva kuti mayiko oyandikana kuno analumikiza mawaya awo akuluakulu kuti azigawana magetsi, wina akachepekedwa mnzake azimupatsako. Zimenezo tonse tinaziombera m'manja, chifukwa kuzimazima kwachepadi. Koma mlendo ameneyu anabwera ndi abale ake. Akuluakulu anagwirizananso kuti poti magetsi ndi amodzi, kayalidwe ka mawaya m'nyumba kakhalenso kamodzi, kuti mmisiri wa kuno akawoloka malire asakayambe kufunsa kuti waya uyu ndi wa chiyani. Ndiye bungwe loyang'anira za magetsi linatulutsa lamulo la mbali ziwiri. Yoyamba, mitundu ya mawaya yasintha. Ija munaisiya inu ija, wofiira wa moto, wakuda wobwezera, wobiriwira wopita m'nthaka, siloledwanso m'nyumba zatsopano. Tsopano wa moto ndi wabulawuni, wobwezera ndi wabuluu, wa m'nthaka ndi wobiriwira wokhala ndi mzere wachikasu. Yachiwiri, aliyense woyala mawaya m'nyumba za anthu, kaya anayamba dzulo kaya imvi zinamumerera ali pamakwerero, akayesedwe ndi kutenga chiphaso chatsopano pofika pa 31 Meyi. Wopanda chiphasocho, nyumba imene waigwira a kampani ya magetsi sailumikiza.

Bungwelo linaitana amisiri tonse kumsonkhano mu holo ya sukulu ya ntchito zamanja ija ndinaphunzirako. Mukanawaona bambo anu tsiku limenelo! Anaimirira pakati pa anthu, chala m'mwamba, n'kuti, "Zaka makumi anayi ndi chimodzi ndikukwera m'madenga a anthu. Palibe nyumba yanga inapsapo, palibe mwana anagwidwapo ndi magetsi pa soketi yanga. Lero mukuti ndikakhale pabenchi ngati mwana woyamba sukulu? Nanga waya wofiira wakulakwirani chiyani?" Holo yonse inaomba m'manja, ena akukuwa dzina lawo lija, "A Yezaninso! A Yezaninso!" Paja anawapatsa dzinali chifukwa choyeza waya aliyense katatu ndi tesita asanamugwire, mpaka mwini nyumba kuyamba kuyasamula. Ine ndinanyadira, sindinama. Ndinkaganiza kuti chikuwalankhulitsa ndi ulemerero wa munthu wodziwa ntchito yake.

Ine ndinakayesedwa m'gulu loyamba, mu Malichi, ndipo ndinakhoza monga ndinakuuzani. Mayeso ake ali patatu. Poyamba amakuonetsa buku la masamba odzaza timadontho ta mitundu yosiyanasiyana, iwe n'kumatchula nambala yobisika m'timadonthomo. Kenako mafunso. Pomaliza amakupatsa bolodi lokhala ndi mawaya akale ndi atsopano kuti uwalumikize, poti nyumba zakale zikadalipo ndipo zizifunabe kukonzedwa. M'chipindamo umakhala wekha ndi woyesa basi.

Bambo anawapatsa tsiku lawo mu Epulo, koma m'mawa wake anadzuka ndi m'mimba. Tsiku lachiwiri anati akukaona mnzawo wodwala mwakayakaya, amene ine ndinakumana naye pamsika masana omwewo akutsutsana mtengo wa nsapato ndi mawu amphamvu kuposa anga. Tsiku lachitatu sanavutike n'kupeka komwe, anangoti mawa. Masiku akutha, ine mtima uli m'mwamba, poti zengerezu analinda kwawukwawu. Zaka zisanu ndi zinayi ndagwira nawo ntchito, ndipo ndimadziwa kuti bambo opanda ntchito ya manja awo sangakhale mwezi ali bwino.

Apa ndiye pali choyamba chimene ndikufuna kuulula kwa inu. Tsiku lina m'mawa ndinapsa mtima, ndipo ndinawalankhula pamaso pa amayi ndi kasitomala amene anabwera ndi ayironi yake yowonongeka. Ndinati, "Bambo, ngati mukuopa kulephera ingonenani, osati kumatizemba ngati mwana wothawa sukulu. Kapena zikukuwawani kuti ine ndinakhoza?" Anandiyang'ana, n'kuika pulayala patebulo pang'onopang'ono, n'kutuluka. Kasitomala uja anayamba kuwerenga zolembedwa pansi pa ayironi yake ngati sanaionepo. Amayi anaimitsa makina n'kunena osandiyang'ana, "Ine nsalu ndikaisoka molakwika ndimamasula ulusi, mwanawe. Mawu alibe ulusi." Ndinachita manyazi, koma mukudziwa kuuma mutu kwa chitsiriza wanu. Ndinapitabe ku ofesi ya bungwe n'kukawalembetsa ndekha tsiku lomaliza lenileni, Lachitatu pa 28 Meyi.

Loweruka lomaliza tsikulo lisanafike ndinati tikonzekere. Tsopano kumbukirani malamulo awiri a m'nyumba muno amene tinakula nawo. Waya akagulidwa sapita kuntchito tsiku lomwelo, amayamba wagona pakhomo kuti amayi amuike m'malo, ndipo pa mpukutu wa waya wofiira amayi amamangapo kansalu kosokerera batani. Inu munkati ndi zokometsera za atelala. Lamulo lachiwiri, bambo akadula waya pa mpukutu wa batani uja, nsonga zonse ziwiri amazipinda ngati mbedza. Ine ndinatengera zomwezo, mpaka kusukulu anzanga ankandiseka kuti ndikupita kukawedza. Sindinafunsepo chifukwa chake, poti mwana safunsa chifukwa chimene khomo la kwawo limatsekukira kumanzere.

Tsiku limenelo sindinatsatire malamulo amenewa. Ndinadzera kusitolo, n'kupempha tizidutswa ta mawaya a mitundu yonse isanu ndi umodzi, toongoka bwinobwino, n'kudzatiyala patebulo m'kachipinda ka zipangizo kaja. Anali masana, dzuwa likulowa pawindo. Ndinawaitana bambo mwaulemu, poti chiyambire tsiku la ayironi lija tinkangolankhulana za ntchito basi.

Ndinati, "Tiyambe ndi zakale, zimene mumazidziwa ngati dzina lanu. Lumikizani soketi iyi."

Dzanja lawo linapita m'thumba kukatenga tesita. Ndinawauza kuti tizidutswa timeneti tilibe moto, tesita siiwauza kanthu. Anayang'ana patebulopo nthawi yaitali. Kenako anatola waya wobiriwira n'kumumanga pa bowo la moto.

Ndinaseka, poganiza kuti akundiyesa ine. Ndinati, "Bambo, nthabwala zimenezo kumayeso zikakugwetsani." Iwo sanaseke. Anamasula waya uja, n'kutola ndi wofiira yemwe, n'kupita nawo pawindo. Anawatembenuza uku ndi uku padzuwa. Kenako anatembenuka, mawu ali pansipansi.

"Wofiira ndi uti, mwana wanga?"

Sindinamve n'komwe kuti makina a amayi asiya kulira, ndinangowaona ataima pakhomo, tepi yoyezera ili m'khosi. Anati, "Muuzeni, bambo a ana. Ine ndatopa kusoka mabatani mobisa."

Bambo anakhala pansi pa bokosi la zipangizo. Anati, "Kwa ine awiriwa ndi amodzi. Onse amaoneka ngati matope ouma. Ndi chibadwire, sikuti ndi ukalamba ayi."

Achimwene, mwamva? Waya wa moto ndi waya wa m'nthaka, awiri amene ukawasinthanitsa chitsulo cha ayironi kapena cha mbaula chimasanduka msampha wopha munthu, bambo athu sanawasiyanitsepo ndi maso chiyambire. Zaka makumi anayi ndi chimodzi.

Zotsala anafotokoza ndi amayi, ndipo mukudziwa kuti iwo nkhani yolira amainena moseketsa. Akuti kale, asanayambe kusoka, ankagulitsa m'sitolo ya zipangizo zomangira. Kunkabwera mnyamata wina wamtali amene anali atangosiyana ndi mmisiri amene anamuphunzitsa ntchito. Kwa mmisiri uja zinkayenda, poti mawaya ankachita kupatsidwa m'manja. Tsiku lina anati akufuna wofiira, amayi anamulozera pashelefu, iye n'kukanyamula wobiriwira molimba mtima ngati wadziwa. Anamubweza. Sabata yotsatira, chimodzimodzi. Ulendo wachitatu amayi anaika mipukutu iwiri pakauntala n'kumufunsa kuti wofiira ndi uti. Akuti thukuta linamutuluka kuli kozizira.

"Ndinaona kuti munthu ameneyu ndikamusiya apha anthu osalakwa," anatero amayi, "ndiye ndinati bola andikwatire ndizimuyang'anira pafupi." Akuti tsiku lomwelo anadula batani la bulauzi yomwe anavala n'kulimangirira pa mpukutu wofiira. Mbedza ija anaiganiza ndi bambo, kuti waya akalowa m'paipi n'kukatulukira chipinda china azimudziwa ndi zala. Nyumba zoyalidwa ndi anthu ena, zopanda mbedza, ndi zimene zinabala kuyeza katatu kuja. Anthu ankati ndi kusamala kopitirira muyeso, osadziwa kuti tesita ndiyo inali maso awo.

Ndili chikhalire pamenepo zinthu zinayamba kundibwerera chimodzichimodzi. Bambo kumsika tomato amachita kumufinya ndi zala, ife n'kumati akuvutitsa ogulitsa. Galimoto anakana kuphunzira, amvekere n'za aulesi. Ine ndikawafunsa ngati diresi landikhala, ankayamba ayang'ana kwa amayi kenako n'kuyankha. Pantchito akandiuza kuti ndipatse wofiira, ine ndinkati akundiphunzitsa, kani ndikuwathandiza. Ngakhale jekete lanu lija, mutawafunsa pafoni ngati mtundu wake aukonda, paja anangoti n'lofunda. Ndinalira, achimwene, ndinalira ngati mwana wotayika pamsika. Ndinawapepesa chifukwa cha mawu anga aja. Iwo anangondisisita pamutu n'kuti, "Sunaname, mwana wanga. Ndimaopadi."

Misozi itaphwa, ndinakankhira kwa iwo tizidutswa titatu tatsopano tija, kungoti manja anga apeze chochita. Chiyambire lamuloli anali asanawagwirepo mawaya atsopanowa, ankati akawaona amamva mutu. Anatola mmodzi n'kuti, "Uyu ndikumuona, ali ngati kumwamba kopanda mitambo." Anatola wina. "Uyu ali ndi mzere. Ndiye kuti wotsalayu ndi wa moto?" Ndinavomera. Anandiuza kuti ndiwasakanize m'chitini. Ndinasakaniza, anasankha bwino. Tinabwereza kakhumi, kakhumi konse sanaphonye. Kenako anayamba kuseka, kuseka kwenikweni kochokera m'mimba, mpaka chifuwa chinawagwira.

"Ndiye anthu amenewa anali kuti zaka zonsezi?" anatero akupukuta m'maso. "Ine kukawanyoza mu holo muja, kani anzanga akundikonzera maso!"

Amayi anati, "Ohoo, ndiye kuti ine ntchito yandithera. Mundipatse kalata yondiyamikira." Koma ndinawaona akutembenukira kukhoma n'kudzipukuta ndi nsonga ya nsalu yawo.

Chimwemwe chathu sichinakhalitse, poti tonse tinakumbukira buku la timadontho lija, ndi mawaya akale a pabolodi. Lamulo lomwe lawatsegula maso ndi lomwenso limati liwatsekere chitseko. Ndi amayi amene anayamba, ananditengera kukhitchini n'kundinong'oneza kuti, "Iwe mutu wako umagwira manambala. Za m'buku lija ukuzikumbukira?"

Ichi ndiye chachiwiri chimene ndikuulula, ndipo n'cholemera kuposa choyamba. Ndinkazikumbukira. Ndinafunsanso anzanga awiri amene anayesedwa pambuyo panga, ngati nkhani yongocheza, n'kupeza kuti buku ndi lomwelo, masamba sasintha. Lamulungu ndinalemba manambala onse khumi pakapepala motsatana, pansi pake n'kuwonjezera kuti pabolodi waya wofiira amakhala kumanzere. Ineyo, amene ndinasaina pepala lolonjeza kuti sindidzabisa chilichonse choika moyo wa anthu pangozi. Ndinadziuza kuti munthu amene sanalakwitsepo zaka zonsezi sangayambe lero. Mwina zinali zoona, koma si chifukwa chake ndinalemba. Ndinalemba chifukwa ndi bambo anga, ndipo sindinkafuna kuwaona atakhala pakhonde manja ali pamiyendo. Ndinawapatsa kapepalako. Anakawerenga, n'kukapinda kanayi, n'kukaika m'thumba la jekete. Masiku awiri otsatira ndinkawamva akung'ung'udza manambala aja pometa ndevu ndi pomanga zingwe za nsapato.

Lachitatu m'mawa ndinawaperekeza. Ofesi ya bungwe ili pamwamba, ukakwera masitepe pali kanjira kokhala ndi mabenchi awiri, ndipo chitseko cha chipinda choyesera sichitsekeka bwino, chimasiya kampata. Ndinakhala pafupi ndi kampatako. Woyesa anali mayi wa msinkhu wanga, wa magalasi, mmodzi wa a bungwe amene anakhala kutsogolo tsiku la msonkhano uja. Anawazindikira, koma anawalandira mwaulemu. Ndinamva akuti, "Takulandirani, bambo. Tiyambe ndi maso."

Tsamba loyamba ndi losavuta, aliyense amaliona, ndipo bambo anatchula bwino. Pepala linatembenuzidwa. Kenako chete. Ine panja ndikutchula nambalayo mumtima mobwerezabwereza ngati pemphero, zala zitakanikiza benchi. Chete uja anatalika mpaka mmisiri amene anakhala pambali panga anasuzumira.

Kenako ndinamva mawu a bambo, odekha bwinobwino. "Mayi, nambala ili apayi ndikuidziwa, koma sindikuiona."

"Mukutanthauza chiyani, bambo?"

"Ili m'thumba muno, pakapepala, pamodzi ndi zinzake zonse. Koma pabukupo ine ndikungoona timadontho."

Woyesa uja anafunsa kuti kapepalako anawapatsa ndani. Apa chiphaso changa chomwe chinali pangozi. Bambo anati, "Nkhalamba ili ndi njira zake, mayi. Wolakwa ndi amene wakanyamula, ndipo ndi ine ndili pano." Atatero anamufotokozera zonse, za matope ouma, za batani, za mbedza, za kuyeza katatu. Sanadandaule, sanapemphe chifundo, ankangofotokoza ngati akuuza mwini nyumba pamene padutse paipi.

Mayi uja anatseka buku. Patapita kanthawi anati, "Bambo, mafunso tiwasiye. Koma bolodi ili ndikufuna ndione mukuligwira, mwa njira yanuyo." Anasinthanitsa malo a mawaya akale aja, n'kuyatsa moto wochepa wa pabolodipo, n'kuwalola tesita yawo. Ntchito imene ena amaimaliza m'mphindi makumi awiri, bambo anaigwira pafupifupi ola lathunthu. Ndinasuzumira pakampata paja, ndinawaona akuyeza, kupinda nsonga, kuyezanso. Woyesa anatuluka kukaitana mnzake wa ofesi yoyandikana kuti adzaone. Anayang'ana paliponse, sanapeze cholakwika ngakhale chimodzi.

Kenako anavula magalasi n'kuti, "Bambo, chiyambire ntchito ino sindinaonepo bolodi logwiridwa chonchi. Koma manja anga ndi omangika. Lamulo likuti wosasiyanitsa mitundu ya mawaya sapatsidwa chiphaso, poti pena munthu amagwira waya moto utazimitsidwa, tesita ilibe chonena. Chimene likulola ndi chakuti muzigwira ntchito pansi pa munthu wa chiphaso, iyeyo aziyendera ntchito yanu ndi kusaina." Anawonjezera kuti lamuloli lidzaunikidwanso chaka chamawa ndipo alemba kalata yofotokoza zimene waona, koma sanalonjeze kanthu. Bambo anathokoza, n'kuvala chipewa, n'kutuluka.

Tinayenda mpaka pokwerera basi. Pamenepo ndinalephera kupirira, ndinawafunsa kuti bwanji, pamene manambala anali atawaloweza onse. Anatulutsa kapepala kaja n'kundibwezera m'manja. Anati, "Batani la amayi ako silinanamizepo munthu, linkandiuza zoona za waya. Aka kakanauza anthu zabodza za ine. Ndipo kumbuyo kwangaku kukubwera ena a maso ngati angawa, amene alibe amayi ako. Ndikadutsa ine mwa njira imeneyi, ndawatsegulira ndani?" Basi itayandikira anawonjezera kuti, "Zilembo zako n'zokongola, mwana wanga. Usadzazitayenso pa zotere."

Masiku anayi otsatira ndi amene ndinkawaopa aja. Bambo anakhala pakhonde. Chikwama cha zipangizo sanachikhudze. Makasitomala akabwera ankangowalozera kwa ine. Loweruka, tsiku lotsiriza la chiphaso chakale, anatenga sikuludiraiva n'kukachotsa okha chikwangwani chawo cha ntchito ya magetsi chija pageti, n'kuchipukuta fumbi, n'kuchilowetsa kuseri kwa kabati. Ine ndinkafunitsitsa kuwauza kuti munthu wa chiphaso amene lamulo likunena ali m'nyumba momwemo, koma pakamwa pankalemera. Mwana amayamba bwanji kuuza bambo ake kuti bwerani ndikulembeni ntchito? Makamaka mwana amene anawafunsa ngati zikuwawawa kuti iye anakhoza? Ndinapempha amayi kuti andinenere, anakana. Anati, "Ameneyo ndakhala naye zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zinayi. Ukamukoka amakhala pansi. Musiye."

Dzulo Lolemba ndinali ndi ntchito yoyala mawaya m'kashopu katsopano ka munthu wometa tsitsi, kachipinda kamodzi, masoketi anayi ndi mababu atatu. Ndinadzuka, ndinasamba, n'kupita kukatenga chikwama changa, koma sindinachipeze pamalo pake. Nditatuluka panja ndinawapeza bambo ataima pageti, chikwama changa chili paphewa, makwerero ali m'dzanja.

Anati, "Tachedwa, abwana."

Ndinati, "Bambo, chonde musanditchule choncho."

Anati, "Lamulo ndi lamulo. Tsogolani."

Tinagwira ntchito tsiku lonse ndi mawaya atsopano aja, ndipo kanali koyamba kuwaona bambo akudula waya akuimba kamluzu. Pofika chakumadzulo zonse zinali zitatha. Apo ndiye anavula chipewa, n'kuima pambali pafupi ndi khomo, n'kumuuza wometa uja kuti, "Tsopano adikire, oyendera ayendere." Wometayo anaseka poganiza kuti ndi nthabwala, poti amawadziwa bambo kuyambira ali mwana. Bambo sanaseke.

Ndinayamba kutsegula masoketi imodziimodzi. Yoyamba, bwino. Yachiwiri, bwino. Pa yachitatu ndinakoka waya wa m'nthaka, ndipo anasuntha. Sikuluu yake inali yosamangitsa. Achimwene, ndinaima nditawafulatira, ndikuyang'ana kasikuluu kameneko. Sikuludiraiva inali m'dzanja langa. Ndikanangopotokola kawiri mwakachetechete, palibe akanadziwa, ndipo bambo anga sakanachita manyazi pamaso pa munthu tsiku lawo loyamba. Ndinaganiza za nkhope yawo ali pawindo paja ndi mawaya awiri m'manja. Kenako ndinatembenuka.

Ndinati, "Bambo, soketi iyi waya wa m'nthaka sanamangike. Bwerani mudzamange, apo ayi sindisaina."

Wometa uja anayang'ana pansi. Bambo anabwera pang'onopang'ono, anagwada, n'kumanga sikuluu ija, n'kukoka wayayo kuti ndione kuti walimba. Podzuka anandiyandikira n'kunena motsitsa, kuti ndimve ndekha, "Ndinaisiya dala. Ukanaimanga mwakachetechete, mawa sindikanabwera."

Ndinasaina pepala la nyumbayo nditatsamira pakhoma. Lero m'mawa anabweranso, ndipo anandidzudzula kuti ndachedwa ndi mphindi zisanu.

Tsono pempho langa ndi ili. Mukaimba foni musayambe ndi mawu opepesa, ndipo chonde musawauze zoti apume kapena abwere kwanuko adzakhale, monga munayambira chaka chatha. Musawafunsenso za mayeso. Ndikuona ngati adzakuuzani okha tsiku lina, ndipo akadzayamba, mudzawasiye afike kumapeto osawadula. Za kapepala kaja mundikalipire ine, ndine wolakwa, amayi muwasiye.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti ndimawakumbukira masiku onse. Ana muwapsompsone m'malo mwa azakhali awo. Amayi akupereka moni, akuti muzivala zofunda ndipo muchepetse kuiwala kwanu. Bambo ndawauza kuti ndikukulemberani. Sanafunse zimene ndalemba, anangoyang'ana kuchuluka kwa mapepala n'kupukusa mutu. Ndawafunsa ngati ali ndi mawu oti ndikuuzeni, ndipo ndikulemba monga momwe anenera: "Umuuze mkulu wakoyo kuti ndapeza ntchito yatsopano. Bwana wake ndi wovuta, sasekerera kanthu, koma ndikhalitsapo. Ndimadziwana ndi amayi ake."

Tsalani bwino, achimwene. Ndakusowani kwambiri sabata imeneyi, kuposa mmene ndingalembere.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Chitsiriza wa m'nyumba muno